Tsiku Limene Anapeta Kalasi ya Tiyamike

Ana anga, za ubwana wanga ndizisiya, chifukwa mulibe chimene mungatolemo kupatula matekenya ndi kutalika kwa njira ya kusukulu. Ndiyambira pamene ndinagwira choko. Ndikulemba izi nditapuma pantchito, maso akadaona, kuti mudziwe chimene chinkandichotsa pakhomo inu mukadali m'tulo, komanso kuti nkhani ya Tiyamike Mbewe muimve kwa ine mwini. Ena anaikamba kale mokhota.

Ntchito yoyamba, kufupi ndi Mtunthama

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linanditumiza pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Mtunthama. Ndinafika ndi sutikesi, mphasa ndi mtima wodzimva. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa muwanga, bolodi titalikoleka pamsomali, ndipo mphepo ikawomba linkatembenuka n'kuwapatsa ana msana. Chapatali pang'ono panali sukulu ya ana a anthu opata, ya kapinga wothiriridwa, ife tinkangomva belu lake. Mphunzitsi wamkulu wathu anali bambo Nkhoma, munthu wosalankhulalankhula, woyenda manja ali kumbuyo. Tsiku lina anaima kuseri kwa mtengo uja ine ndikuphunzitsa masamu, ndipo podziwa kuti akundiona ndinatulutsa luso lonse la kukoleji. Ana a kutsogolo ankakweza manja mpaka kuimirira. Titaweruka anandiitana.

"Mwaphunzitsa bwino, mayi," anatero. "Nanga ndani wapita kwawo lero osamva kanthu?"

Ana a mzere wakutsogolo ndikanawatchula onse, ndi makolo awo omwe, koma a kumbuyo ndinkangowadziwa ngati chigulu cha mitu. Bambo Nkhoma anangotenga njinga yawo n'kumapita. Funso limenelo ndinalisunga, ndipo ndinagwira nalo ntchito mpaka tsiku langa lomaliza.

Chaka chimene makuponi anayamba

Nditaphunzitsa m'sukulu zingapo ku Kaomba ndi kwina, anandiitana kuti ndikaphunzitse aphunzitsi kukoleji. Ndinalowa chaka chomwe boma linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Dongosolo linali loti wophunzira uphunzitsi akhale chaka chimodzi pakoleji, chaka chachiwiri akakhale pasukulu ya kumudzi akuphunzitsa kalasi yeniyeni, ife n'kumakamuyendera. Ukafika unkakhala kumbuyo kwa kalasi, kuonerera phunziro lonse, n'kupereka malikisi. Kenaka munkakhala awiri padera kuti iye mwini alingalire za phunziro lake, chimene chayenda, chimene chavuta, ndi pamene mawa asinthe. Anzanga ena gawo limeneli ankalithamangitsa poti dalaivala anali akuliza hutala panja. Ine ndinkaona kuti ntchito yeniyeni ndi imeneyo. Mphunzitsi sakhala ndi womuyendera moyo wake wonse. Tsiku lina amatsala yekha ndi ana, ndipo ngati sanaphunzire kudzifunsa, palibe amene adzamufunse. Choncho aliyense ndinkamufunsa funso la bambo Nkhoma, mpaka ophunzira anandipatsa dzina loti Mayi Ndani. Ankaganiza kuti sindikulidziwa.

Mkulu wa koleji anali bambo Zimba. Sanali munthu woipa, anali munthu wotopa. Choko chinkatha teremu isanafike pakati, mapepala tinkalemba mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe, alawansi ya ophunzira inkachedwa mpaka ena kumadya kwa makolo a ana, ndipo galimoto yoyendera sukulu inali imodzi, nayonso yolira mochita kukankha. Zonsezi zinkagwera pamutu pa bambo Zimba. Ndikayamba kuwafotokozera za ophunzira anga ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Mayi, ine ndikufuna malikisi pathebulo pano. Maulaliki mukachite Lamulungu." Tinkakangana, koma tinkalemekezana.

Novembala, chaka cha kusowa kwa mafuta

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, mwa ophunzira anga munali Tiyamike Mbewe. Anali wamkulupo kuposa anzake, wokwatiwa, wa mwana mmodzi amene anamusiya kwa apongozi ake. Mwamuna wake, wogula ndi kugulitsa fodya pa Mtunthama, anamulola zaka ziwiri zokha, ndipo ananeneratu pamaso pa ankhoswe kuti chaka chachitatu kulibe. Akalephera abwerere kumunda, akaumirira sukulu ndiye kuti ukwati watha. Izi Tiyamike anandiuza yekha ali chaka choyamba, osati podandaula, koma pondifotokozera chifukwa chake sankagona masana Loweruka ngati anzake. Ndinkamukonda, ndisabise. Anali wolimbikira, ndiponso sankadziwa kunama, moti akayesa makutu ake ankachita kumuulula.

Anamutumiza pasukulu ina kudera la Wimbe, pakati pa maesiteti a fodya, ndipo anamupatsa Sitandade 3. Ana ambiri m'kalasimo anali a matenanti, anthu ochokera m'maboma akutali amene amabwera kudzalimira eni esiteti. Ana amenewa amayamba sukulu mochedwa, ena kunyumba amalankhula Chitumbuka kapena Chilomwe, ndipo ntchito ya fodya ikapsa amajomba. Makolo awo pamakuponi sankawerengedwa poti si eni mudzi, ndipo kusukulu nakonso ankaonedwa ngati alendo.

Ulendo wathu woyamba wokamuyendera unapita pachabe. Tinafika n'kupeza makalasi asanduka malo ogawira makuponi, bwalo lonse lili anthu okhaokha, mayina akuitanidwa pawindo la Sitandade 3, ana atawabweza kunyumba. Mphunzitsi amene anayenera kumamulangiza Tiyamike tsiku ndi tsiku anali akugona pamzere wa feteleza kudepoti. Sindinamuimbe mlandu, nayenso anali ndi munda ndi ana ofuna kudya. Tinabwerera osaona phunziro. Unatsala ulendo wa teremu yachiwiri, ndipo bambo Zimba ananeneratu kuti mafuta alipo a ulendo umodzi basi. Malikisi a tsiku limenelo ndiwo akanamupatsa Tiyamike satifiketi kapena kumubweza kuti abwereze chaka.

Febuluwale wotsatira

Tinafika Lachiwiri m'mawa, galimoto ili matope okhaokha. Inali nyengo yothyola ndi kusoka fodya, zigafa zonse m'njira zitadzaza, fungo lake lili ponseponse. Mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, bambo Kachingwe, anatilandira ndi manja awiri, popeza kalata yathu yonena tsiku anali atailandira kale. Anandiperekeza mpaka pakhomo la kalasi.

M'kalasimo munali mosesedwa bwino, ana atakhala m'mizere yowongoka, mpata woyendamo ulipo. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati ndi nyengo ya fodya, ana ajomba. Tiyamike anaphunzitsa kuwerenga Chichewa, ndipo phunzirolo linayenda ngati madzi a mumfuleni. Akafunsa, manja onse m'mwamba. Akaloza mwana, yankho lolondola. Anamaliza belu likulira. Ndinamupatsa malikisi apamwamba ndi mtima woyera, ndipo ndinasangalala kwambiri chifukwa ndinkadziwa zimene anasenza.

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuti alingalire za phunziro lake. Ananena zingapo zazing'ono, koma maso ali pansi. Kenaka ndinamufunsa kuti ndani wapita kwawo osamva kanthu. Anayamba kufufuta choko m'zala.

"Madamu, amene sanamve kanthu simunawaone," anatero.

"Ajomba?"

"Ayi, anabwera. Ali kuchigafa cha ahedi."

Anandifotokozera zonse. Pasukulupo, komanso pasukulu zoyandikana nazo, panali chizolowezi chimene ankachitcha kupeta kalasi. Woyendera akamabwera, m'mamawa ankasankha ana osatha kuwerenga, makamaka a matenanti, n'kuwatumiza kwina mpaka mlendo atapita. Otsalawo phunzirolo anali ataliphunzira kale dzulo lake, ndi mayankho omwe. Tiyamike anayesa kukana, koma bambo Kachingwe anamuuza kuti asakhale wanzeru kuposa amene anamupeza.

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Ndinawapeza atakhala pansi mumthunzi wa chigafa, akusoka masamba a fodya, manja ali bii ndi utomoni, makope awo ali m'mapepala a shuga pambali. Anali ochuluka pafupifupi ngati amene ndinawaona m'kalasi. Kamtsikana kena kanandiyang'ana osadziwa kuti ndine yani, n'kufunsa, "Alendo aja apita? Tibwerere m'kalasi?" Mtima wanga unawawa kwambiri, ndipo mpaka lero umawawa ndikakumbukira.

Bambo Kachingwe anandipeza pomwepo. Sanachite manyazi, anangodabwa kuti ndakwiya.

"Madamu, izi timachita pothandiza ophunzira anu a kukoleji omwewa," anatero. "Awa sadziwa ndi a, e, i yomwe. Mtsikanayu si amene anawalepheretsa, anawapeza choncho. Mukufuna alephere chifukwa cha iwo? Anzanu onse amabwera, amaona, amapita. Ife tikuchitirani ulemu."

Ndinawayankha kuti koleji sinanditume kudzaona ulemu. Tisanapitirire, Tiyamike, amene ananditsatira, analowerera. "Madamu, mudzandione mawa ndi ana onse. Ndimawaphunzitsa tsiku lililonse, sindingalephere." Ndinamuchenjeza kuti ndikaona phunziro la mawa, ndilemba zimene ndaona. Anavomera. Ndinauza dalaivala kuti azipita ndi anzanga amene tinabwera nawo, ine ndipeza njira yanga, ndipo ndinagona kwa mphunzitsi wina wamkazi pasukulupo.

Lachitatu m'kalasi muja munalibe poponda. Ana anathinana mpaka pakhomo, ine mpando wanga unali panja pawindo. Tiyamike anayamba bwino. Anawaika m'magulu, koma mabuku anali ochepa, ndipo pagulu lina anayamba kulimbirana buku mpaka kung'amba tsamba. Akuleretsa apo, ana a Chitumbuka kumbuyo anali asanamve chochita. Anapita kukawafotokozera ndi timawu tochepa ta Chitumbuka timene anatola, ndipo pamenepo ndinaona mphunzitsi weniweni ali m'kati mwake. Koma ali kumbuyoko, a kutsogolo anatopa kudikira n'kuyamba kusewera. Anabwerera kutsogolo, kumbuyo kwabalalika. Anakweza mawu, mawu anasasa, anamenya thebulo ndi dasitala. Belu linalira phunziro lisanafike ndi pakati pomwe. Mtima anali nawo, koma kugwira kalasi yotere anali asanakudziwe, ndipo panalibe amene anamuonetsapo chaka chonsecho. Ndinafunafuna poti ndimuwonjezere malikisi, osapapeza. Anali pansi pa mzere wokhozera.

Pansi pa mango paja sindinachite kumufunsa. Anayamba yekha kutchula ana amene sanamve, aliyense dzina lake, pamene amakhala, ndi chimene chimamuvuta. Ananena yekha kuti analakwitsa kugawa mabuku asanafotokoze chochita, ndiponso kuti akanaika ana odziwa zilankhulo ziwiri m'gulu lililonse. Pazaka zanga zonse sindinamvepo wophunzira akuliona phunziro lake bwino chotero. Atamaliza anandiyang'ana.

"Ndalephera eti, madamu?"

"Phunziro la lero silinafike," ndinatero.

Anatsika pabenchi n'kugwada m'fumbi. "Madamu, lembani za dzulo. Munaziona ndi maso anu. Anzanga onse makalasi awo anapetedwa, ndipo akhoza. Ndikanakhala chete, bwenzi pano muli kukoleji, ine ndili mphunzitsi. Ndiye ndife chifukwa chonena zoona? Za kwathu mukuzidziwa, madamu. Ndikabwereza, banja langa latha."

Ndinamudzutsa. Sindinamulonjeze kanthu kupatula kuti ndikalankhula ndi akuluakulu.

Ndinabwerera pa kabaza ndi matola, ndipo ndinalunjika kuofesi ya bambo Zimba matope ali m'miyendo. Ndinawapempha ulendo wina teremu yachitatu, ngakhale wa njinga, kuti mtsikanayo apeze nthawi yokonza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu. Malikisi ankafunika kulikulu sabata yomweyo.

"Mayi, mwadzipalira nokha moto," anatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phunziro la Lachiwiri munaliona pa tsiku lake loikika, lamulo likukulolani kupereka limenelo, ndipo ine sindikufunsani. Mukafuna la Lachitatu, ndi inu. Koma mawa m'mawa ndikufuna pepala limodzi, osati awiri."

Ana anga, pantchito yanga yonse palibe chinandilemera ngati chimenechi. Ndikapereka za Lachitatu, ndiye kuti ndalanga munthu yekhayo amene anandiyankha zoona, ndaphwanya banja, ndipo ophunzira ena onse aphunzirapo kuti kwa Mayi Ndani osaulula kanthu. Ndikapereka za Lachiwiri, ndiye kuti ndasayina kuti Tiyamike akhoza kugwira kalasi, pamene ndaona ndi maso anga kuti sanafike. Akanatumizidwa kusukulu ina yotere, yekha, wopanda womuthandiza, ndipo chimene akanatenga kwa ine n'chakuti ana ovuta njira yake ndi kuwachotsa. Ndinawafotokozera bambo anu ndikuyembekeza kuti andipeputsa. Iwo anangoti, "Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ana a kuchigafawo alibe wowagwadira." Sanandiuze chochita.

M'mawa mwake ndinapereka za Lachitatu. Ndinalembapo kuti wophunzirayu abwereze chaka cha kusukulu, apatsidwe mlangizi wokhazikika, ndipo ine ndidzamuyendera ndekha. Loweruka ndinakwera matola kupita ku Wimbe kuti akamve kwa ine, asamve kwa ena. Ndinamupeza akuchapa. Anamvetsera manja ali m'beseni, ndipo nditamaliza anangoti, "Zikomo, madamu." Sanandipatse mpando, ndipo sindinayembekeze kuti andipatsa.

Zimene ndinkaopa zinachitika. Nkhani inawanda kuti ndine wankhanza, ndinalepheretsa mwana amene ndinamukhozetsa kale. Ena mwa aphunzitsi anzanga anasiya kukhala nane pa tiyi, chifukwa nditanena za kupeta pamsonkhano zinaoneka ngati ndikuti iwo ankayendera sukulu maso ali chitsinzinire. Ophunzira a chaka chotsatira ndikawafunsa funso langa ankayankha mwamsanga kuti, "Palibe, madamu, onse amva." Zinanditengera nthawi yaitali kuti ayambenso kundikhulupirira. Chabwino chokha n'chakuti bambo Zimba, atang'ung'udza, anavomera kuti tizipita kusukulu osalemberatu tsiku. Za Tiyamike ndinangomva kuti anamaliza chaka n'kupita kwawo, ndipo ankhoswe anakhalapo kangapo.

Seputembala, chaka chomwecho

Tsiku lotumiza ophunzira kusukulu ndinaima pachipata cha koleji lole ikupakira matilesi ndi zidebe. Obwereza anali ochepa ndipo onse anali atafika kupatula iye. Ndinkayang'ana kumsewu mobwerezabwereza mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikudikira mlendo. Dalaivala analiza injini. Pamenepo ndinaona kabaza akubwera, kumbuyo kuli mzimayi ndi mwana kumsana, sutikesi ili pamiyendo. Anali Tiyamike, ataonda, mphete kuchala kulibe.

Ndinamuthamangira. Iye anandipatsa moni waulemu koma wouma, ngati wopatsa munthu wa muofesi.

"Ndabwera, madamu. Mwanayu ndiyenda naye, kosiya kulibe tsopano."

Ndinamuuza kuti tamupezera sukulu ina yapafupi ndi tauni, ya ana ochepa, kuti chaka chino chimupepukire.

"Ayi, madamu," anatero. "Munditumize komwe kuja. Ana aja ndinawasiyira panjira."

Ndinathamangira kwa bambo Zimba, ndipo kwa nthawi yoyamba anasintha chinthu osakangana nane. Chaka chimenecho ndinamuyendera pa kabaza nthawi zambiri, osanena tsiku. Tinkakhala pansi pa mango paja mwana wake akusewera ndi makoko a mango, iye n'kumaliphwanya yekha phunziro lake, mawa n'kukonza. Pofika nyengo yosoka fodya ankagwira kalasi yodzaza osakweza mawu, ndipo pa tsiku la malikisi anakhoza ana onse ali m'kati. Satifiketi anailandira, ndipo akuphunzitsabe kumidzi komweko. Tikakumana pamaliro kapena pamsika amandipatsa moni, amafunsa za inu, koma sitinabwererenso pamene tinali. Sindimukakamiza, chifukwa amene analipira ndi iye.

Chimodzi chokha anandiuza pa ulendo wanga woyamba chaka chobwerezacho. Ndinamufunsa za ana aja, ngati anasangalala kumuona atabwerera. Anayang'ana kuchigafa, kumene nthawi imeneyo kunali mitengo yokhayokha. Anati fodya atagulitsidwa, matenanti aja anasamuka, ena kubwerera kwawo, ena kupita kumaesiteti ena, ndipo m'nyumba zawo munalowa mabanja atsopano.

"Sindinawapeze, madamu," anatero. "Ndi mmodzi yemwe. Ndapeza ena, ndayamba nawo pa a."